Ndinachotsa miyala iwiri pa tayala la kalavani

Nkhani ndikufuna kukuuzaniyi sindinaimve pachitsime kapena m'minibasi ayi, inandichitikira ineyo, ndipo manja amene anachita chinthucho ndi omwewa ndikulemberawa. Ndine mayi wopemphera, wa mpingo wopembedza tsiku la Sabata, ndipo pa msinkhu ndafikawu bodza silingandipindulire kanthu, makamaka bodza londiipitsa ine ndemwe. Sinditchula dzina la munthu, la esiteti kapena la mudzi, koma amene analipo tsiku limenelo andizindikira asanafike n'komwe pakati pa nkhaniyi. Chimene sakudziwa n'chakuti mlandu umene amuna anga anausenza mpaka kumanda unali wanga.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, tikukhala kukomboni ya esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Amuna anga anali makaniko kugalaja ya pa esitetipo, munthu wosayankhulayankhula, woti akamanga nati amabwereranso kukaigwira kachiwiri asanaweruke. Ine ndiye ndinali wosiyana nawo kutalitali, wapakamwa, wokonda kuti ndikalowa pagulu anthu adziwe kuti ndalowa, ndipo kumpingo ndinali mtsogoleri wa amayi. Mwana tinali naye mmodzi yekha, wamkazi, wa zaka zitatu, amene tinamupeza titadikira mpaka anthu atasiya kutifunsa.

Manejala wina wachizungu, pobwerera kwawo, anawasiyira amuna anga kalavani yakale imene inkangowolera kuseri kwa galaja. Kwa inu amene simunaionepo, ndi kanyumba ka matayala awiri kokokedwa ndi galimoto. Pakati pake n'pa malata olimba, muli katebulo, makabati ndi kasinki, koma kutsogolo ndi kumbuyo khoma limatsekuka n'kutsika, n'kusanduka bedi lolendewera kunja, lofunditsidwa ndi lona ngati tenti. Amuna anga anatha nayo zaka ziwiri, Lamulungu lililonse ali pansi pake, kusoka lona, kusaka matayala, kupenta, mpaka inayamba kuwala. Chimodzi chokha chinawakanika, waya wa handibuleki unali woduka ndipo wina sankapezeka ngakhale ku Limbe. Ankati palibe vuto bola poimika pakhale pathyathyathya ndipo matayala atchingidwe ndi miyala.

Mpingo wathu uli ndi msonkhano wamisasa chaka ndi chaka, nyengo yozizira ikamatha. Mabanja amasamuka ndi mphasa, mapoto ndi nkhuni, n'kukamanga timisasa ta udzu ndi masamba a nthochi pabwalo limodzi, n'kukhala pamenepo pafupifupi sabata yathunthu akumva mawu. Ine ndinali nditatopa nako kugona pansi, chiperoni chikukudontherera pankhope, ndiye kalavani itatha ndinawaumiriza amuna anga kuti chaka chimenecho tipite nayo. Kunena zoona, kuzizira sikunali chifukwa chachikulu. Ndinkafuna amayi anzanga aone, makamaka akazi a aphunzitsi ndi manesi a kumishoni amene ankatiyang'ana ife a kukomboni ngati anthu onunkha girisi.

Bwalo la msonkhanowo linali paphiri, kumalire a munda wa tiyi. Tinafika mochedwa, atatikokera ndi thirakitala ya mnzawo wa amuna anga, ndipo tinapeza malo onse abwino anthu atamangapo kale. Amuna anga anafuna tikaimike kumunsi, pafupi ndi msewu, pamene panali pathyathyathya koma pobisika ndi mitengo ya bulugamu. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati sindinavutike kusoka makatani kuti ndikaonetse agologolo, ndipo ndinaloza kumtunda, pamwamba pa misasa yonse, pamene aliyense wopita kumapemphero akanaiona. Anandiuza kawiri kuti pamenepo n'potsetsereka, kachitatu anangogonja, monga ankachitira ndikayamba kukweza mawu. Anatsitsa timiyendo tachitsulo ta m'makona, n'kutiika pa timatabwa, kenako anapita kukhwawa kumunsi kwa tiyi n'kubwera ndi miyala inayi ikuluikulu, ulendo uliwonse umodzi paphewa. Tayala lililonse analitchinga ndi iwiri.

Tinapita ndi apongozi anga, mayi awo a amuna anga, ochokera cha ku Thekerani. Anali mayi ovuta, sindinama chifukwa choti anamwalira, ndipo ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Kalavaniyo anaida atangoiona. Ankati nyumba yoyenda si nyumba, munthu wanzeru amagona pa dothi limene Mulungu anamupatsa, ndipo akapsa mtima ankamalizira m'Chilomwe kuti ine ndisamve zonse. Anadzimangira kamsasa kawo pambali, n'kumagona mmenemo pa mphasa, akutsokomola usiku wonse, ife tili pa matiresi. Amayi kumapemphero anayamba kundifunsa mokhala ngati akuseka kuti kodi agogo aja sakukwana m'nyumba ya azungu ija, ndipo zinkandiwawa kwambiri.

Tsopano mumvetse za Lachisanu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kwa ife Sabata limalowa dzuwa likangolowa Lachisanu, ndipo kuyambira pamenepo suphika, suchapa, susenza katundu mpaka litalowanso mawa lake. Chakudya chonse cha tsiku lopatulikalo chimayenera kupsa dzuwa lili m'mwamba. Kumisasa Lachisanu limakhala tsiku la mpikisano, utsi uli tolo bwalo lonse, amayi akuthamangitsana ndi dzuwa, chifukwa la Sabata kumabwera alendo ochokera ku Goliati, ku Kapichi ndi kwina konse, ndipo msasa wa mtsogoleri wa amayi sungakhale wopanda chopatsa anthu.

Apongozi anali atabwera ndi kalongonda, ndipo anaumirira kuti aphikidwe tsiku limenelo. Amene mumamudziwa kalongonda mukudziwa kuti safuna munthu wachangu, amakhala pamoto kuyambira mmawa, kumutaya madzi, kuthira ena, kumutayanso, apo ayi amazunguza mutu. Ndiye mafuwa anga atatu anagwidwa ndi mphika umodzi tsiku lonse, mpunga, nyemba ndi masamba zikungondiyang'ana. Ndinapempha moto kwa oyandikana nawo, aliyense anali ndi yake miphika pamzere. Ndinayendayenda kusaka miyala yoti ndikolezere moto wachiwiri, koma mukudziwa dothi lathu lofiirali, mwala suupeza chisawawa, ndipo yochepa imene inalipo mabanja onse aja anali atatola kale. Ndinapeza umodzi wokha. Kukhwawa kunali kutali, dzuwa linali litapendeka, amuna anga anali kokonza jenereta ya pa msonkhano. Ndikubwerera ndi kamwala kanga kamodziko, maso anga anagwera pa tayala la mbali imene ndinkaphikira.

Kodi ndinganene kuti sindinkadziwa ntchito ya miyalayo? Ndinkadziwa. Koma ndinayang'ana timiyendo tachitsulo tija, ndinayang'ana tayala linalo lili ndi miyala yake iwiri, ndikuti amuna angawa amangochulutsa zinthu monga mwa khalidwe lawo. Mwala wakumtunda unachoka mosavuta. Wakumunsi unali utakanirira, tayala litaukhalira, moti ndinachita kuugogoda ndi chikuni cha bulugamu kangapo konse. Utachoka, kalavani inalira kamodzi, kulira kwa chitsulo, kwii. Ndinaima phee kudikira. Sinasunthe. Ndinaikankha ndi dzanja, osasuntha, ndinaikankhanso ndi phewa, osasuntha. Ndinadziuza kuti ndikangophula mpunga ndibwezera, ndipo palibe amene anandiona chifukwa aliyense anali ataweramira mphika wake.

Mpunga unapsa dzuwa litatsala pang'ono kukhudza mitengo. Miyala inali yotentha yosagwirika. Ndinati ndiithire madzi, koma ndowa inali itatha, ndipo belu lotsegulira Sabata linalira ndisanasambe n'komwe. Ndinathamanga kukasintha, ndinatsogolera nyimbo bwinobwino, ndipo za miyala zinandichoka m'mutu mpaka kunacha.

Mmawa wa Sabata ndinaikumbukira ndikutsuka mkamwa. Inali pompo, yakuda ndi mwaye, yozizira, mapazi asanu okha kuchokera pa tayala. Kuinyamula kukanatenga nthawi yochepa kuposa imene mwathera powerenga ndime ino. Koma moyang'anizana ndi ife munali msasa wa mayi wina wa kumishoni amene chaka chapitacho ndinamudzudzula pagulu chifukwa chochapa thewera la mwana tsiku la Sabata, ndipo mmawa umenewo anali atakhala pakhomo pake akupesa mwana, maso ali kwa ine. Ine, mtsogoleri wa amayi, nditavala zoyera, ndizigubuduza mafuwa pa Sabata iye akuona? Ndinati ndidikire alowe. Sanalowe. Ndikanatha kuwanong'oneza amuna anga, koma ndinadziwa kuti akanagwada pomwepo ndi suti yawo n'kubwezera miyalayo aliyense akuona, kenako akanandiyang'ana ndi maso awo ofatsa aja. Ndinati chinthu chagona usiku wonse osasuntha, chilephera bwanji kudikira mpaka dzuwa lilowe?

Mvula ya chiperoni inayamba kuwaza tili mkati mwa ulaliki, yosamveka kugwa koma yonyowetsa mpaka mkati. Masana alendo anadzadza pakhomo pathu monga ndinkafunira. Ndinawalowetsa amayi m'kalavani asanu asanu, ena onenepa ndithu, akukhala pa mabedi, akudzigwedeza kuti amve kufewa kwa matiresi, akutsegula makabati, ine ndikufotokoza ngati ndinaipanga ndine. Ndikukumbukira kuti gulu lomaliza likutsika ndinamva pansi pakunjenjemera pang'ono, ndipo mayi wina anaseka kuti nyumba yanuyi ikuvina. Nanenso ndinaseka nawo.

Nthawi ya mapemphero a masana itakwana, mwana anali atagona pamiyendo pa agogo ake, ndipo kamsasa kawo kanali kakudontha. Apongozi anati sapita kumapemphero chifukwa chifuwa chawathina, atsala ndi mwanayo. Apa ndi pamene pamandilepheretsa kugona mpaka lero. Ndinawachonderera kuti alowe m'kalavani, pamaso pa alendo, ndi mawu okoma amene ndinali ndisanawayankhulepo chikwatiwire. Ndinati amayi, mwanayu adwala chibayo, lowani mungopumulako pang'ono pouma. Anakana, ndinaumirira, alendo anandithandiza, mpaka anadzuka akung'ung'udza kuti akulowera mwanayo osati ine. Ndinawagoneka pa bedi lakumbuyo, limene linali mbali yakumunsi, ndinawafunditsa bulangete langa latsopano, n'kutseka chitseko. Ndikutsika pa sitepe ndinaliona tayala lija lili lokha, dothi lozungulira litasanduka phala, ndipo ndinapitirira.

Tinkasonkhana pansi pa chisakasa chachikulu, cha m'mbali mwa phirilo, pamene kalavani inkaoneka bwino. Ndinakhala kutsogolo ndi amayi, koma maso anga sankachoka kumtunda. Tili pa nyimbo yachiwiri ndinaona ikutembenuka. Sinayambe ndi kuthamanga ayi, inayamba kuzungulira pang'onopang'ono, mbali yopanda miyala ija ikutsetsereka, timiyendo tikuchoka pa matabwa, ngati ng'ombe imene ikudzuka. Ndinangoimirira buku la nyimbo lili m'manja. Kenako tayala linalo linadumpha mwala wake, ndipo chinthu chonsecho chinayamba kutsika chambuyo.

Anthu anasiya kuimba mmodzimmodzi. Kalavani inapyola msasa woyamba ngati palibe kanthu, udzu ndi mapoto zikuuluka, inapyola wachiwiri, mwamwayi eni ake anali nafe kumapemphero. Chitsulo chake chokokera chinkakwapula pansi uku ndi uku. Amuna anga anali atatuluka kale m'chisakasa, akuthamanga modula, nsapato imodzi itavuka, akuitana mayi awo, munthu amene ndinali ndisanamumvepo akukweza mawu. Ndinaona lona wa bedi lakumbuyo akutukumuka, dzanja likumukankha kuchokera mkati, ndipo mwana ankalira, ndinamumva ngakhale panali phokoso lonselo. Inalowa m'munda wa tiyi, tiyiyo anaibweza liwiro pang'ono moti ena anayamba kunena kuti iima, iima. Koma kumapeto kwa mundawo kunali ngalande ya madzi. Tayala linagweramo, kalavani inadzuka mbali imodzi, n'kukamenya mtengo wa bulugamu ndi bedi lomwe lija.

Sindikudziwa kuti ndinatsika bwanji phirilo. Ndinapeza azibambo akung'amba lona ndi manja, masuti ali matope okhaokha. Mwana anamutulutsa woyamba, ali moyo, mwendo wakumanzere utapindikira kumene mwendo supindikira, atasiya kulira, akungotsegula pakamwa. Apongozi anali atapanikizika pakati pa chitsulo cha bedi ndi mtengo. Maso anali otsegula, ankayankhula Chilomwe motsitsa, ndipo amuna anga anagwada n'kuika khutu pakamwa pawo. Anawanyamula pa chitseko cha kalavani yomweyo mpaka kumsewu, koma anatsirizika galimoto isanafike kuchipatala cha mishoni.

Ine ndinapita ndi mwana kuchipatala, ndiye zimene zinachitika kumtunda ndinachita kumva. Akuluakulu a mpingo anakwera kukaona pamene kalavani inaima. Anapeza miyala iwiri mbali imodzi, mbali inayo mzere wa tayala wokha m'matope. Anawafunsa amuna anga, iwo anati anaika inayi. Anafunsidwanso kuti nanga iwiriyo ili kuti, anati sakudziwa. Panali mafuwa asanu ndi limodzi pakhomo pathu, akuda bii, ofanana ndi mafuwa ena onse a pabwalopo, koma ndi bambo uti amene amawerenga mafuwa a mkazi wake? Anthu anagwirizana kuti makanikoyo anachita ulesi, kukhwawa kunamutalikira, anatchinga tayala limodzi n'kusiya linalo.

Pamaliro ku Thekerani atsibweni a amuna anga anaimirira pamaso pa khamu n'kunena kuti mlongo wawo waphedwa ndi chidole cha azungu ndi mwana wake wobereka yekha. Alongo awiri a amuna angawo sanawapatse moni, ndipo sanadzawapatsenso. Ine ndinali m'nyumba ya siwa ndikulira kuposa ana a malemu, anthu n'kumati taonani mpongozi wachikondi. Ndinkalira ndi mantha. Ndinkadziuza kuti ndinena maliro akatha, kenako ndinati mwana akatuluka m'chipatala, kenako ndinati mitima ikazizira, ndipo tsiku lililonse limene ndinakhala chete linapangitsa lotsatira kukhala lovuta kuposa.

Mwana anatuluka patapita miyezi itatu, mwendo umodzi utafupika, ndipo amatsimphina mpaka lero. Amuna anga anabwerera kugalaja koma manja anali atawathawa. Ankamanga buleki ya thirakitala, n'kumasula, n'kumanganso, dzuwa mpaka kulowa galimoto imodzi isanatuluke. Madalaivala anayamba kunong'onezana kuti galimoto yogwiridwa ndi iwo aikwere ndani. Mapeto ake anapempha okha kuti awachotse, ndipo anawaika kosunga makiyi a sitolo ya feteleza. Kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo, mgonero anasiya kudya. Ine ndinapitiriza kutsogolera amayi, ndipo ankandiyamikira kuti ndine mkazi wopirira amene sanamusiye mwamuna wake pa tsoka.

Chimene chinkandiopsa kwambiri si maloto, ngakhale ndinkalota. Chinali funso lawo. Pakapita miyezi ingapo, tili pakhonde kapena tikupalira, ankayamba okha kuwerenga maulendo a kukhwawa, woyamba ndinapeza mwala wosongoka, wachiwiri ndinapuma pa chitsa, wachitatu, n'kuima. Kenako ankanditembenukira n'kufunsa modzichepetsa kuti kodi mayi, inu amene munkaphikira pafupi, munaona ingati? Ine ndinkayankha kuti ndine mkazi, za matayala sindiziyang'ana. Ankagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye kuti mutu wangawu unandinamiza. Ndinawayankha choncho kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo m'kupita kwa nthawi anasiya kunena kuti inali inayi, anayamba kunena okha kuti anaika iwiri.

Anapuma ntchito chaka cha njala chija chitangodutsa, ndipo tinasamukira kwathu cha ku Goliati. Mwana anali atafika zaka khumi ndi ziwiri, wanzeru kusukulu koma waukali ngati ine. Nkhani ya mwendo wake anaimva kwa anthu, monga zimakhalira. Tsiku lina masana anabwera kuchokera kusukulu akulira, anzake atamusiya pa timu ya mpira wamanja n'kumutcha dzina loipa. Bambo ake anali pakhonde, ndipo anamuuza mwachifundo kuti abwere amuone nsapato yake yokweza ya mwendo waufupiwo ngati yatha. Mwanayo anaivula n'kuwaponyera pachifuwa. Anati musandigwire, munandilumaza ndinu, munapha agogo chifukwa cha ulesi wonyamula miyala iwiri yokha. Ine ndinali pakhomo la khitchini, ndinadikira kuti amukalipire. Iwo anatola nsapatoyo, anaipukuta ndi malaya awo, n'kunena kuti ukunena zoona mwanawe, ndinalakwa ndine.

Mwana atathawira kwa anzake, ndinapita kukagwada patsogolo pawo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo ndi mtima wonse. Ndinanena zonse, za kalongonda, za chikuni, za mayi wa thewera uja, za tayala limene ndinaliona ndikutseka chitseko. Sanandidule. Nditamaliza anandifunsa funso limodzi lokha, kuti ndinachotsa ingati. Ndinati iwiri. Anati ndiye kuti inalidi inayi. Anabwereza katatu, inalidi inayi, ndipo anayamba kulira mokweza ngati mwana, mapewa akugwedezeka, mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Ndinkayembekeza kumenyedwa kapena kusiyidwa ukwati, ndipo chilichonse mwa ziwirizi ndikanachilandira mosangalala.

Atatonthola ndinawauza kuti ndikamuitana mwana ndimuuze, ndipo Sabata likudzalo ndikaimirira kutchalitchi. Anakana. Anati mwanayu anazolowera kale kudana ndi bambo ake, ndipo ndi mtsikana amene akukula, akufunika mayi woti azimukhulupirira. Mukamuuza atsala wopanda aliyense. Anati munakhala chete zaka zisanu ndi zinayi chifukwa cha inu nokha, tsopano mukhala chete chifukwa cha iye. Ndinawachonderera, koma nthawi imeneyi amene anagonja pomaliza ndinali ine.

Sanandisiye, sanandinyoze, sanauze m'bale wawo ndi mmodzi yemwe. Patangopita sabata ziwiri anatulutsa bokosi la masipanala limene linachita dzimbiri, n'kuyamba kukonza njinga za anthu pansi pa mtengo wa mapeyala, kenako injini za zigayo, ndipo manja awo anabwerera. Mgonero anayambanso kudya. Koma kwa ine anasanduka mlendo waulemu. Ankathokoza chakudya chilichonse, ankandipatsa moni mmawa, koma sanandifunsenso maganizo pa kanthu kalikonse, ngakhale mbewu yoti tidzale. Anamwalira patapita zaka zinayi ndi matenda a shuga. Mwana anabwera kumaliro kuchokera kusekondale, anaima patali ndi bokosi, sanagwetse msozi, ndipo madzulo ake anandikumbatira n'kunena kuti amayi, mwavutika nawo mokwanira bambowa.

Anthu ena mpaka pano amati pa phiri lija panali mizimu imene sinkafuna msonkhano, ena amati alipo wa kugalaja amene anachita nsanje n'kutilodza. Ine sindikhulupirira zimenezo, chifukwa ndikudziwa dzanja limene linagwira chikuni. Sabata silinaphe munthu, Mulungu sakanandikwiyira chifukwa chonyamula miyala iwiri kuti ndipulumutse moyo, ndipo ndinkadziwa zimenezo ngakhale mmawa umene uja. Chimene ndinkaopa sanali Mulungu, anali mayi wokhala pakhomo la msasa akupesa mwana wake. Ndikukhulupirira kuti Mulungu amakhululuka, koma ndaona kuti kukhululukidwa sikutalikitsa mwendo wa munthu.

Ndiye inu amene mukuwerenga, mukapeza chinthu chimene mnzanu waika n'kuchoka, mwala pa tayala, mtengo wochirikiza khoma, chingwe chomangidwa pena pake, musachichotse chifukwa choti simukuona ntchito yake, funsani kaye. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo anthu akadali okwiya, chifukwa mukadikira kuti mitima izizire mudzapeza wina atavala kale mlandu wanu, ndipo kumuvula kumakhala kochedwa. Lonjezo limene ndinawapatsa amuna anga ndalisunga mpaka mtsikana uja wakula, ali pa ntchito, ali ndi ana akeake, sakufunikanso mayi womukhulupirira mwa bodza. Ndayesa katatu kumuuza pamaso, pakamwa panga pomwe paja pamakanika. Amakonda kuwerenga nkhani zoterezi, ndipo mwendo wake audziwa. Mwana wanga, udane nane ngati ukufuna, ndivomera, koma upite ku Goliati ukaime pafupi ndi manda aja. Bambo ako anatsika kukhwawa kanayi, ndipo anaika miyala inayi.